Chikole cha Matabwa ndi Miyala

Tisungane akayamba kukamba za akachisi ake a kumapiri, tiyi ankazizirira m'kapu, basi inkadutsa pasiteji iye osaiona n'komwe. Anzake a kuyunivesite anali atatopa naye kalekale. Ankangoti akamuona akusolola foni, aliyense n'kukumbukira kuti ali ndi kalasi. Munthu mmodzi yekha mu Dublin monse ndiye ankamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ameneyo anali Rodwell, mnyamata wa ku Ndirande amene ankasamalira okalamba ku Ongar. Tisanamizane, poyamba Rodwell sankamvetsera za akachisi ayi, ankamvetsera mawu a mwini nkhaniyo. Koma pang'ono ndi pang'ono akachisiwo nawonso anamulowa m'mutu.

Loweruka lina masana anakhala pabenchi m'paki ya ku Drumcondra, m'mphepete mwa mtsinje wa Tolka, akuothera kadzuwa ka ku Ireland kaja kamene kamatuluka ngati kobwereka.

"Taona kachisi uyu," anatero Tisungane, foni ili pamphuno pa Rodwell. "Ali kumpoto kwa India, kumapiri a Himalaya, komwe msewu umatha munthu n'kuyamba wapansi. Ahindu anamumanga agogo a agogo athu asanabadwe. Simenti mulibe, msomali mulibe."

"Ndiye wagwira ndi chiyani? Pemphero?"

"Iwe, usandiseke! Amayala mitanda iwiri ya mkungudza, wofanana ndi wathu wa ku Mulanje uja, pakati pake n'kudzazapo miyala. Pamwamba amaikapo mitanda ina yopingasa, n'kulumana pangodya chonchi." Anagwira dzanja la Rodwell n'kulowetsa zala zake pakati pa zala za mnzakeyo. "Kenako miyala, kenako mitanda, mpaka kudenga. Dziko likagwedezeka khoma limavina nalo limodzi, silisweka."

"Tabwerezanso pangodyapo, sindinamve bwino," anatero Rodwell, dzanja lija osalitaya.

Tisungane anaseka mpaka mayi wina wachizungu woyendetsa galu anatembenuka. Koma nkhani ya makomayi kwa iye sinali yoseka. Ali mwana, bambo ake ankaphunzitsa ku Karonga, ndipo chivomerezi chija chitabwera anaona ndi maso ake khoma la njerwa la nyumba yawo likung'ambika ngati nsalu yakutha. Chiyambire tsiku limenelo ankafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: kodi anthu ena amamanga bwanji nyumba zosagwa? Funso limenelo ndi lomwe linamupezetsa sikolashipu, n'kumufikitsa ku Dublin.

Kuseka kutatha anapumira m'mwamba.

"Amalume anaimbanso."

"Akuti bwanji akuluakulu?"

"Zomwe zija. Akuti anyamata a kunja sadziwika kumene aloza. Ngati watsimikiza upereke chikole, iwo achione ndi maso awo. Akakhutira nacho avomera kukhala ankhoswe anga. Apo ayi, za chinkhoswe ndisazitchulenso."

Amalume amenewa, a Cornelio, anali mkulu wa mpingo ku Mitundu, ndipo ndi amene analera Tisungane bambo ake atamwalira. Popanda iwo, ukwati uliwonse kwa Tisungane ukanakhala kungolowana. Rodwell ankazidziwa bwino zimenezi.

"Uwauze mtima ukhale m'malo. Chikole chili m'njira."

"Nanga chala chako chatani? Pulasitala ameneyu ndi wa chiyani?"

"Chitseko," anayankha Rodwell akuyang'ana abakha pamtsinje. Bodza silinkamukhala mnyamata ameneyu.

* * *

Masabata otsatira Rodwell anayamba kusowa. Tisungane akalemba kuti, "Uli kuti?" yankho linkabwera lalifupi ngati la munthu wothamangira basi: "Ndatanganidwa pang'ono, ndiimba." Akamuitana kuti apite ku Parnell Street akadye chipisi, ankati watopa ndi shifiti. Tsiku lina anamuimbira, foni n'kuyankhidwa mwangozi, ndipo Tisungane anamva mafunde a nyanja ndi mphepo.

"Rodwell, kunyanja ukutani? Uli ndi ndani?"

"Ndili ndekha, Tisu. Ndikungowongola miyendo."

"Iwe amene umati mphepo ya kuno imakudwalitsa mutu? Chabwino, wongola."

Anadula foni mtima ukuwawa. Nsanje ndi yoipa abale, imakupatsa mayina ngakhale usanafunse. Dzina loyamba kumubwerera linali la Lily, mtsikana woluka tsitsi wa ku Ongar komweko, amene ankaimba kwaya imodzi ndi Rodwell kumapemphero a Amalawi. Aliyense ankadziwa kuti Lily anamusirira Rodwell Tisungane asanafike n'komwe m'dziko lino. Tisungane anakhala masiku awiri osayankha mauthenga, n'kumadziuza kuti alibe nazo ntchito, chonsecho foni ankaiyang'ana ngati mphika wa mkaka uli pamoto.

* * *

Lamulungu masana belu linalira. Atatsegula anapeza Rodwell atavala jekete ya tchalitchi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira, atanyamula chinthu cholemera chokulungidwa m'chitenje chobiriwira.

"Ndilowe, kapena mlandu wanga ukambidwira pakhomo pompano?"

"Lowa. Koma sindinakukhululukire."

Anaika katunduyo patebulo mosamala ngati mazira, n'kubwerera m'mbuyo.

"Masula."

Tisungane anamasula mfundo, chitenje n'kugwera m'mbali. Mayo! Anagwira pakamwa. Patebulo pake panaima kachisi wa kumapiri, wotalika ngati mkono wa munthu. Timitanda tosemedwa bwino tinali titalumana pangodya monga momwe anamuonetsera pabenchi paja, pakati pake timiyala ta kunyanja toyalidwa mizeremizere. Pamwamba panali madenga atatu osanjikizana, lililonse locheperapo kuposa la m'munsi mwake, ofoleredwa ndi tizidutswa ta sileti. Kutsogolo kunali kachitseko kakafupi, chifukwa Tisungane anamuuzapo kuti zitseko za akachisiwo zimakhala zazifupi moti wolowa amayenera kuwerama.

"Ndiye kunyanja kuja..."

"Ndinkatola miyala. Matabwa ndinapempha kwa bambo wina amene ankagwetsa shedi yake. Woyamba ndinamata ndi guluu, n'kukumbukira kuti unati cholimba gwa ndicho chimasweka. Ndinaphwasula n'kuyambiranso. Tagwedeza tebulo."

"Agwa!"

"Gwedeza, mphunzitsi wanga ndiwe."

Tisungane anagwira tebulo n'kuligwedeza, poyamba mwamantha, kenako mwamphamvu. Makapu anagubuduka, supuni inagwa pansi. Kachisi uja analira tseketseke, anapendama uku ndi uku, n'kuimanso njii pamalo pake. Misozi inangoyamba yokha.

"M'katimo sindinaikemo kanthu," anatero Rodwell motsitsa mawu. "Za mapemphero awo ndi za eni ake, sindizidziwa. Ine ndabwereka khoma lokha. Tisungane, chikole changa ndi chimenechi. Ndikufuna banja lathu likhale chonchi, likagwedezeka lisagwe."

"Anzako amapereka mphete, wotchi, kaya foni."

"Anzangawo sakukwatira iwe."

"Wopusa iwe," anatero Tisungane akupukuta misozi ndi chitenje chija, ndipo anamukumbatira mpaka jekete ya tchalitchi inakwinyika. Anaphika tiyi, anadya ndi mabanzi, akusinthana kugwedeza tebulo ngati ana. Ndipo pa awiriwo, wophunzira ndi wosema yemwe, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsa kuti kodi mkulu wa mpingo wa ku Mitundu akadzaona chikole chimenechi adzati chiyani.

* * *

Mwambo umati chikole chikalandiridwa chikaonetsedwe kwa eni mbumba. Tisungane anapangana ndi amalume kuti adzawaimbira pa vidiyo Lachitatu, ndipo sanafune kuonekera kwa iwo ndi tsitsi lanyankhalala. Popeza nsanje ija inali itasungunuka, anadzimvera manyazi kuti anamuganizira zoipa mnzake wosalakwa, ndiye anaitana Lily yemweyo kuti adzamuluke.

Lily anafika ndi chikwama chake cha mesh ndi zipeso, kafungo ka perefyumu kali patsogolo. Asanakhale n'komwe, maso ake anagwera pashelefu.

"Asisi, kokongolaka n'kachiyani?"

Apa ndiye anaputa mavu. Tsitsi likukokedwa, khosi litapindika, Tisungane anayamba ulaliki wake.

"Ameneyo ndi kachisi wa Ahindu, wa kumapiri a ku India. Alipo a mitundumitundu, Lily. Ena ndi a miyala yokhayokha, otalika, opindikira pamwamba ngati chitsononkho choimika, ndipo pansonga amawaveka kadenga ka matabwa ngati ambulera kuti chipale chisawawononge. Ena ndi nsanja zazitali zoti umakwera ndi makwerero. Uyu ndi wa madenga osanjikiza. Anthu ake amavula nsapato polowa, amapemphera mwaulemu ngati ife tomwe."

"Eee? Ndiye mwagula ku shopu ya amwenye ku Moore Street?"

"Ayi. Wapanga Rodwell ndi manja ake." Tisungane anayesa kubisa kumwetulira koma kunakana. "Ndi chikole changa."

Zala za Lily zinaima m'tsitsi. Kenako zinayambiranso, koma tsopano zikukoka mwamphamvu ndithu.

"Aaa, Lily, pang'onopang'ono!"

"Pepani asisi, tsitsi lanu ndi lolimba. Ndiye a Rodwell a kwaya aja amasema akachisi? Koma ndiye ali ndi luso. Ndijambuleko, ndikaonetse anzanga. Zoterezi sizionekaoneka."

"Jambula, palibe vuto."

Lily anajambula kutsogolo, anajambula m'mbali, anajambula ndi buku la Tisungane limene linali pafupi, lokhala ndi chithunzi cha kachisi weniweni anthu atanyamula mulungu wawo pamachira. Pochoka anati, "Amayi anga akumapereka moni. Paja amapemphera limodzi ndi amalume anu ku Mitundu." Tisungane anati awabwezere moniwo, n'kumuperekeza mpaka pasiteji ya basi.

* * *

Lachitatu netiweki ya ku Mitundu inachita chifundo. Nkhope ya a Cornelio inadzaza foni yonse, magalasi ali pamphuno, kumbuyo kwawo nkhuku zikulira.

"Nambewe, mwana wa mlongo wanga! Wanenepatu. Tiye nacho, tichione chikole cha mnyamata wa ku Ndirande."

Tisungane anagwada pakapeti monga akanachitira pakhonde kwawo, n'kutembenuzira foni kushelefu. Tsopano, mochedwa, ndi pamene linamufikira funso lija loti amalume adzati chiyani. Amalume anasendeza nkhope pafupi, anavula magalasi, anawavalanso.

"Tayandikiza. Zimenezi ndi miyala? Ndi matabwa? Wapanga yekha?"

"Yekha, amalume. Popanda msomali. Taonani." Anagwedeza shelefu, kachisi anavina n'kuima.

A Cornelio anaomba m'manja, foni n'kuwapulumuka. Atayitola anali akuseka mpaka chibwano kunjenjemera.

"Koma mnyamata ameneyu ali ndi mutu! Ena amabwera ndi tindolo ta pa msika, iye wabwera ndi pulani ya nyumba. Ndiye kuti nyumba imene adzakumangire kuno kumudzi idzakhala yotere? Yosanja katatu? Yosagwa ndi chivomerezi? Bambo ako akanakhala moyo akanavina lero."

Pakamwa pa Tisungane panatseguka. Mawu anali pafupi, pa lilime penipeni: si nyumba, amalume, ndi kachisi. Koma anaona mmene nkhope yokalambayo inawalira, nkhope imene sanaione ikuseka chonchi chimwalirire bambo ake. Anameza mawu aja.

"Khomalo... khoma lake lidzakhala lotero, amalume."

"Basi, ndakhutira. Umuuze atumize akwawo. Ine ndine nkhoswe yako, Nambewe, ndipo chinkhoswe chimenechi chidzamveka mpaka ku Bunda. Unditumizire chithunzi, ndikaonetse akulu anzanga."

Atatseka foni Tisungane analumpha n'kuvina yekha m'chipinda. Kamtima kena kankamutsina kuti sanalongosole, koma anakauza kuti kakhale chete. Adzawafotokozera bwinobwino pambuyo pa chinkhoswe, zinthu zitakhazikika. Kodi ananama? Sananame ayi, anangosiya kunena. Kwa Rodwell analemba mawu awiri okha: "Avomera, wokondedwa!" Za pulani ya nyumba sanatchule.

* * *

Masiku otsatirawo anali okoma ngati nzimbe ya kudimba. Anapita limodzi ku Moore Street kukayang'ana nsalu za chinkhoswe, n'kukangana mwachikondi pa mtundu, Rodwell akufuna yabuluu, Tisungane yofiirira. Anakwera Luas, sitima ya m'tauni, osadziwa kumene akupita, kungofuna kukhala moyandikana. Rodwell anayamba kumuitana kuti "mayi a kunyumba", iye n'kumamutsina pamkono kuti asafulumire.

"Ukadzapita ku India kukaona akachisi akowo, udzanditenga?" anafunsa Rodwell ali mu Luas muja.

"Iwe woopa mphepo? Kumeneko kumagwa chipale mpaka m'chiuno."

"Ndidzavala majekete awiri. Ndikufuna ndikaone ngati ngodya zanga ndinalumanitsa bwino."

"Unalumanitsa bwino," anatero Tisungane, mutu wake uli paphewa la mnzakeyo. Anali wokondwa, ndipo sankafuna china chilichonse padziko.

* * *

Lamulungu lotsatira, chakumasana, akuyembekeza Rodwell kuti adzadye naye, foni inalira. Anali amalume. Tisungane anayankha akumwetulira, koma nkhope imene inaoneka sinali ya Lachitatu ija. Anali adakali m'suti ya tchalitchi, magalasi ali m'manja.

"Tisungane."

Osati Nambewe. Kumwetulira kuja kunatha.

"Wawa, amalume."

"Chija unandionetsa chija n'chiyani?"

"Amalume, ndi..."

"Ndayenda nacho chithunzi chako mpingo wonse. Ndaonetsa akulu anzanga, ndaonetsa abusa, ndikunyadira kuti taonani nyumba imene mkamwini wanga adzamange. Lero tikutuluka m'tchalitchi, mayi ake a Lily andiimika pakati pa anthu, foni ili m'manja. Akuti, a Cornelio, nyumba yanu ija ndi iyi? Ndikuona chinthu chomwecho, pambali pake buku, anthu atanyamula fano pamapewa. Anthu anaseka, Tisungane. Ine, ndi imvi zangazi, anandiseka pabwalo la tchalitchi."

"Pepani, amalume. Ndi kachisi, inde, koma m'kati mulibe kanthu. Rodwell anangotengera kamangidwe ka khoma, chifukwa amadziwa za ku Karonga, amadziwa chimene ndimaphunzira. Sanaganize zoipa."

"Sukulu yako sindinaitsutsepo. Phunzira makoma a anthu onse a padziko, ndi ntchito yako. Koma chikole ndi pamene banja limayambira, ndipo iye wayambira pa nyumba ya mapemphero a eni. Zimenezo mwina ndikanamukhululukira, ndi mwana, sanaganize. Chimene chikundiwawa ine ndiwe. Ndinanena pamaso pako kuti ndi nyumba, iwe uli chogwada, ndipo unandisiya ndinyamule manyazi amenewa ndi manja anga."

Tisungane analira. Zonse zimene amalume ananenazo zinali zoona.

"Ubweze chikolecho."

"Amalume! Kubweza chikole ndiye kuti ndamukana!"

"Tanthauzo lake ndikulidziwa, sindine mwana. Chikakhala m'nyumba mwako, ine si nkhoswe yako, ndipo kwathu kuno palibe amene adzaimirire m'malo mwanga. Paja mnyamatayo amabwera kwako Lamulungu masana? Ndiimbanso. Ndikufuna ndione ndi maso anga ukuchipereka m'manja mwake. Zina tidzakamba pambuyo, ngati padzakhale zokamba."

Foni inazima. Tisungane anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana kachisi uja, timiyala timene munthu anatola m'mphepo chifukwa cha iye, timitanda timene tinamudula chala. Kubweza? Ayi, zimenezo sakanatha. Koma kumuyang'ana kunkamulasa mtima. Anaganiza zomubisa kaye m'kabati ya zovala mpaka mutu utayamba kugwira ntchito. Anamutsitsira patebulo, anatenga chitenje chobiriwira chija, anamukulunga bwinobwino, n'kumanga mfundo pamwamba. Asanamunyamule, belu linalira.

Rodwell analowa akuimba nyimbo ya kwaya, jumbo la nsomba ndi matimati lili m'manja.

"Mayi a kunyumba, ndabwera ndi nkhani yabwino! Achimwene a ku Ndirande avomera kukhala ankhoswe anga. Akuti Loweruka likubwerali akwera basi ya ku Mitundu kukaonana ndi amalume. Agula kale ndi nkhuku yoti..."

Anaima pomwepo. Anali ataona patebulo. Chitenje chomwe chija, mfundo ili pamwamba, monga momwe anachibweretsera. Anayang'ana mtolowo, anayang'ana maso ofiira a Tisungane, ndipo jumbo lija linatsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Mwana wa ku Malawi aliyense amadziwa tanthauzo la chikole chomangidwanso m'nsalu yake.

"Tisu," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "ndalakwa chiyani?"

"Rodwell, si mmene ukuganizira. Khala pansi ndikufotokozere."

Koma asanatulutse liwu lina, foni inayamba kunjenjemera patebulo, pambali penipeni pa mtolo uja. Onse awiri anaiyang'ana. Pagalasi pake panali nkhope ya a Cornelio, akuimba pa vidiyo.